Manja Anawomba Okha

Tokyo, 17 Novembala 1968

Kiwa,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako. Mwendo uja ukupwetekabe m'mawa? Ine ndili bwino, ndinafika bwino. Sitima inadzaza anthu a kwathu okhaokha, ena mpaka anagona pansi pa mipando, koma mnzanga Soma anandipezera malo a pazenera. Hatsue, powawerengera mayi ako kalatayi uziwerenga pang'onopang'ono monga ndalembera ine. Zilembo zanga ukuzidziwa, ndi za munthu amene anaphunzirira ku ukulu.

Ntchito ya chaka chino ndi yokumba njira ya sitima ya pansi pa nthaka. Timalowa m'dzenje m'mawa, ine andipatsa wilibala. Kapitawo wake ndi wa msinkhu wa Katsumi wathu. Dzina langa salidziwa, amangoti, "Agogo, fulumirani!" Ndikamuyankha amatembenukira kwa Soma n'kufunsa, "Akuti chiyani agogowa? Ndi chiyankhulo cha dziko liti chimenechi?" Dzulo Soma anamuyankha kuti, "Akuti chipewa chakukhalani, bwana." Anthu anaseka. Ine ndinali nditanena kuti tayala la wilibala lapindika. Mpaka lero ndi lopindika.

Timagona anthu makumi atatu m'chinyumba cha matabwa. Mpunga ulipo wokwanira, koma msuzi wawo wa soya ndi wotsekemera ngati wophikira ana. Pamsika ndinaona apozi limodzi likugulitsidwa mtengo umene ife timagulitsira asanu. Ndinalitembenuza, linali la kwathu.

Chipale chofewa chisanachuluke umange udzu wa mpunga m'tsinde mwa mitengo yaing'ono, mbewa zinatidyera makungwa chaka chatha. Padenga usakwere. Pakalemera ndi chipale uitane mwamuna wa Hatsue adzachichotse.

Za Katsumi sindinaiwale. Keyala ya shopu imene amasokako mphasa ndili nayo m'thumba la mkati. Kapitawo akangotipatsa Lamlungu lathunthu ndipitako ndi maapozi aja. Ndikamuuza monga tinagwirizana: kuti ine ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, mkulu wake anatsala ku nkhondo, mlongo wake ali kwa eni, ndipo nyumba yathu ya Osanai ilibe wina woti adzasamale munda ndi kufukiza lubani pa kachisi wa makolo. Chipale chikasungunuka abwere kwawo. Zaka khumi za ku Tokyo zakwana. Unandiuza pa siteshoni kuti ndisakangokhala duu ngati chitsa. Ndinamva.

Kanematsu

Tokyo, 8 Disembala 1968

Kiwa,

Uli bwanji ndi kuzizira? Kuno sikuzizira kwenikweni, ndi mphepo chabe youma imene imang'amba milomo. Ndili bwino. Zala za kumanja zimachita dzanzi m'mawa, koma zikatenthedwa zimagwira.

Katsumi ndamuona. Wanenepa pang'ono, ali bwino. Kalatayi ndailemba masiku atatu chifukwa ndikufuna ndikuuze mwa ndondomeko yake.

Shopu ili kutsidya kwa mtsinje, m'kamsewu kopapatiza. Ndinaidziwa ndi fungo la udzu wauwisi ndisanaone chikwangwani. Ndinamupeza atagwada, akusoka mphasa, akukoka ulusi ndi chigongono. Ndinaima kaye panja kumuonerera. Kiwa, mwana uja ntchito amaidziwa. Singano imalowa pamene iye wafuna.

Atandiona anaimirira, anamasula kansalu ka kumutu, anawerama mpaka pansi n'kunena m'chiyankhulo cha kuno, "Takulandirani, bambo. Mwavutika ndi ulendo wautali. Lowani chonde, ngakhale malo ndi osayenera." Ndinatembenuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina wolemekezeka. Kunalibe. Ukukumbuka mmene ankandilandirira ndikachoka kumunda? Osadzuka pamoto, mbatata ili m'kamwa, "Ababa, mwabwera?" Basi.

Mwini shopu ndi a Hoshino, munthu wamfupi wadazi, akazi awo anamwalira. Amayankhula ngati akukazinga nyemba. Anatulukira akufuula, "Eee, bambo ake a Katsu wathu! Reiko, tiyi! Osati wa makasitomala uja, winayo!" Reiko ndi mwana wawo, mmodzi yekhayo. Mawu akuti Katsu wathu ndinawamva, ndinawasunga.

Ndinaika maapozi pansi n'kunena kuti, "N'zochepa." Katsumi anatembenukira kwa a Hoshino: "Bambo akuti awa ndi a mtengo wa paphiri, anathyola okha poganizira chifundo chimene mwachitira mwana wawo zaka zonsezi, ndipo akuchita manyazi kuti mphatso ndi yosayenera." Kiwa, ine ndinanena liwu limodzi. Kenako ndinati, "Kwathu chipale chayamba." Iwe ukanamva kuti ndikunena za denga ndi za mwendo wako. Iye anawauza kuti ndikuyamikira nyengo ya ku Tokyo. A Hoshino anakondwa kwambiri, akuti sanaonepo mlimi wa mawu okoma chotere.

Mtsikanayo sindinamupeze chifukwa. Sanaseke pamene ndinkayankhula, ankandiyang'ana pakamwa kuti agwirepo kanthu. Anaona kuti mkono wa jekete langa wang'ambika, anaupempha mwa manja, anausoka ine ndikumwa tiyi.

Katsumi anandiperekeza pokwerera. Tinali awiri, mtunda ngati kuchoka kunyumba kufika pa mlatho. Ndinati, "Amako akupereka moni." Anati, "Zikomo kwambiri, mukawathokoze m'malo mwanga." Ndinayenda masitepe ena khumi ndikukonza mawu. Koma munthu akamakuyankhula ngati mlendo, nawenso umasanduka mlendo, ndipo mlendo sauza mwana wa eni kuti longedza. Basi inabwera. Anandilipirira n'kuwerama mpaka tinakhota.

Usakwiye. Andiitana pa Chaka Chatsopano, n'chifukwa chake sindibwera kunyumba ulendo uno. Tsiku limenelo ndikanena. Ndalama za mwezi uno ndatumiza pa positi, ugule makala.

Kanematsu

Tokyo, 5 Januwale 1969

Kiwa,

Chaka chatsopano chikupeze ndi moyo. Mikate ya mpunga inafika, ndagawira anzanga. Kalata yako inafikanso. Wafunsa ngati pakamwa ndinapaiwala m'sitima. Hatsue, mawu a mayi ako ukumalemba onse osachotsapo, ukuchita bwino.

Khala pansi, nkhani si yabwino.

Ndinapita kwa a Hoshino pa tsiku lachitatu la chaka. Anandikweza m'chipinda cha pamwamba. Munali munthu wina, a Ogura, mwini bafa limene anthu a mumsewu umenewo amasambako. Anali atavala mkanjo wakuda wa pa zikondwerero. Nditaona mkanjowo ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa munthu savala choncho kuti adzangomwa mowa.

Titadya, a Ogura anagwada bwinobwino, manja pansi, n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti ndimve ndekha. Anati, "A Osanai, nyumba ya Hoshino yasoka mphasa mibadwo itatu ndipo ilibe mwana wamwamuna. Ine ndabwera ngati nkhoswe kudzapempha Katsumi. Akwatire Reiko, alowe m'nyumba ino, atenge dzina la Hoshino." Ndinamva zonse. Ndinayang'ana Katsumi. Iye ankayang'ana mphasa.

Ukudziwa mmene timachitira kwathu. Sukana munthu uli m'nyumba mwake, utadya mpunga wake. Umakhala chete, maso pansi, nthawi yaitali, mwini nyumba amamva yekha. Akakupatsa mphatso umalandira, pakapita masiku umaibweza kudzera kwa nkhoswe osaimasula, nkhani imafera pomwepo popanda wochita manyazi. Ndi mmene anachitira bambo ako pamene a kumtunda aja anakufunsira usanabwere kwa ine. Ndiye ndinakhala chete. Ndinakhala chete mpaka tiyi anazizira. Kwathu ngakhale mwana akanamva.

A Hoshino ananong'oneza Katsumi, koma munthu uja sadziwa kunong'ona: "Bwanji, akulira?" Katsumi anati, "Anthu a kwathu sachulutsa mawu." A Hoshino anamenya bondo. "Amuna enieni ndi amenewo! Akanakhala kuti sakufuna bwenzi atanena kale. Taonani chimwemwe chawatseka pakhosi!" Anandikankhira phukusi lokutidwa ndi nsalu yofiirira. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, mumtima ndikuti ndidzabweza.

Kenako a Ogura anaimirira n'kunena kuti titseke nkhani ndi manja. Onse anatambasula manja, Reiko yemwe, Katsumi yemwe. Anakuwa "Yooo!" n'kuyamba kuwomba, katatu, katatu, katatu, kamodzi. Maso onse anali pa ine, onse akumwetulira. Kiwa, sindinganame kuti sindinadziwe chilichonse. Koma kukhala wekha manja ali pa maondo, anthu anayi akuwomba m'nyumba mwawo pa chaka chatsopano, ine sindinathe. Manja anawomba okha.

Nditafika kogona ndinamufotokozera Soma. Anaika ndudu pansi. "Wawomba? Iwe nkhalamba iwe, wawomba? Kangati?" Ndinati konse. Anati, "Kuno akawomba choncho ndiye kuti kavalo wagulitsidwa ndi chingwe chomwe. Zaka zonsezi ukubwera ku Tokyo unkaona chiyani, dothi lokha?" Ndinati phukusi sindinamasule. Anati, "Usamasule, uligonere ngati pilo."

Phukusi lili pamutu pa malo anga. Ndiuze maganizo ako.

Kanematsu

Tokyo, 26 Januwale 1969

Kiwa,

Ndamva kuti chipale chafika pa mawindo. Uzidya, usamangomwa tiyi. Ine ndili bwino. Andichotsa ku wilibala, tsopano ndimaima pa geti ndi kambendera kuimitsa anthu malole akamatuluka. Wilibala inandipulumuka kamodzi pa thabwa, palibe anavulala. Ntchito ya pa geti ndi yopepuka, usadandaule.

Unati ndibweze phukusi ngakhale atandimenya nalo. Ndinapita. Soma ndinamutenga kuti akhale pakamwa panga, ndinamugulira ndudu.

A Ogura tinawapeza kuseri kwa bafa akuwaza nkhuni. Anatilandira ngati abale, anatikhazika pamalo otentha pafupi ndi ng'anjo. Ndinaika phukusi pakati pathu, mfundo yake ikuyang'ana kwa iwo kuti aone kuti ndi yomweyo imene anamanga. Anaona. Anayamba kufunsa za maapozi, mitengo ingati, imabereka zaka zingati. Tinakamba zimenezo mpaka tiyi wachiwiri.

Ndiye ndinauza Soma kuti, "Auze kuti phukusili ndi lolemera, nyumba yathu ndi yaing'ono, singalinyamule." Soma ananena bwino, ndinamva. A Ogura anaseka pang'ono n'kuti, "Ndi nsalu chabe ndi nsomba zouma. Likakulemerani ndikutumizirani pa positi." Ndinati, "Auze kuti mwana ndi mmodzi." Anati, "Inde, inde. Kwa a Hoshino nakonso ndi mmodzi. Ana amodziamodzi amenewa amavuta, eti?" Anandithirira tiyi wachitatu.

Kenako anayamba nthano, akuyang'ana moto. Akuti kale mumsewu wina munali wosoka mphasa amene anapeza mkamwini, manja anawombedwa, anthu onse anauzidwa, a bungwe la osoka mphasa anabwera kudzamwa. Pambuyo pake abale a mnyamatayo anabweza mphatso. Mkuluyo anatseka shopu chifukwa sakanathanso kuyenda mumsewu. Mtsikana sanakwatiwe. Mnyamata anayenda mashopu onse a mu Tokyo, kulikonse ankamupatsa tiyi n'kumuuza kuti adzamuitana. "Zakale zimenezo," anatero a Ogura. "Sindikudziwa kuti zabwera bwanji m'mutu." Ndiye anakankha phukusi ndi nsonga za zala mpaka linakhudza bondo langa. Anati a Hoshino anauza kale msewu wonse, ndipo akudzitama kuti bambo a mkamwini wawo ndi munthu wa mawu ochepa koma olemera.

Tinawerama, anawerama, anatipatsa matikiti awiri oti tidzasambe ulere.

Panjira Soma anati, "Munthu uja wakukana ngati akukusisita msana. Ine mpaka ndinayamba kuwodzera." Ndinati ukanalimbikira. Anati, "Ndilimbikire chiyani? Iwe ukuti lolemera, ukuti yaing'ono. Bwanji osangoti toto?" Ndinamufunsa ngati iye ananenapo toto kwa munthu wovala bwino chibadwire. Phukusi ananyamula ndi iye mpaka kogona.

Kwa akuluakulu a mtundu usanene kanthu kaye. Ndikufuna ndionane ndi Katsumi payekha.

Kanematsu

Tokyo, 16 Febuluwale 1969

Kiwa,

Ndikhulupirira uli moyo. Ine ndilipo.

Sindinachite kumufuna, anabwera yekha. Lachitatu masana ndili pa geti ndinangoona munthu waima kutsidya kwa msewu ndi kabokosi ka chakudya. Anadikira mpaka belu la nkhomaliro. Tinakhala pa zitsulo kuseri kwa mpanda. Anatsegula kabokosi, anati waphika ndi Reiko. Munali mpunga, dzira, ndi ndiwo za mumchere zowawa ngati zako. Akuti Reiko anamufunsa mmene timathirira mchere kwathu.

Anayamba ndi chiyankhulo chake chaulemu chija. "Bambo, ndamva kuti munapita kwa a Ogura." Ndinati ee. Anati, "Ngati simukufuna, nenani. Nenani ndi pakamwa, ine ndimve. Mukanena, mawa ndilongedza, ndikwera nanu sitima." Mawu anali osalala koma makutu anali atafiira ngati muja ankachitira ali mwana akafuna kulira.

Kiwa, khomo linali lotsegula. Ndinkangofunika kulowa. Ndinatafuna mpunga kuti ndimeze kaye.

Ndisanameze anapitiriza. Anati, "Tsiku lija pa siteshoni, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndinkadikira kuti munene kuti usapite. Munati tikiti usataye." Ukukumbuka chaka chimenecho, maapozi onse anagwa ndi mphepo, m'nyumba munalibe chodyetsa pakamwa pachinayi. Sindinamuuze. Akudziwa.

Ndiye anandiuza zimene sanatilemberepo. Ku fakitale kumene anayambira ankamuimika pakati nthawi ya chakudya kuti ayankhule anthu aseke. "Tanenanso, wakumudzi, umati chiyani ukafuna madzi?" Anasiya kuyankhula. Zaka ziwiri ankangogwedeza mutu, mpaka ena ankayesa ndi wosayankhula. Akuti chiyankhulo chathu ankachiyankhula ndi galu wa pa geti yekha. A Hoshino anabwera kudzasintha mphasa za mwini fakitale, anamuona mmene amanyamulira, anamufunsa dzina. Atayankha sanaseke, anangoti, "Sindinamve, koma manja ako ndawaona. Ubwere Lolemba." Reiko ndiye ankamuwerengetsa nyuzipepala mokweza tsiku ndi tsiku mpaka lilime linathyoka. Anati, "Bambo, sikuti ndimakuchitirani mwano. Chiyankhulo chathu ndikati ndichiyambe, pakhosi pamatseka. Ndimamva anthu akuseka ngakhale palibe munthu."

Ife tinkalandira makalata akuti ndili bwino, ntchito ikuyenda, n'kumauza anthu kuti mwana wathu zake zili bwino ku Tokyo.

Anadikira yankho langa. Ndinayang'ana manja ake, ali ndi zikang'a pamene singano imakhala. Ndinaganiza za munda, za kachisi wa makolo, za iwe. Ndinaganizanso kuti tsiku limene mwana wanga ankayankhula ndi galu, ine ndinali kuti. Belu linali pafupi kulira.

Ndinati, "Mtsikanayu amaphika bwino."

Anamva. Ndi mwana wa kwathu, sanafune womasulira. Anaika manja pa maondo n'kuwerama nthawi yaitali, kenako anatenga kabokosi n'kupita.

Kiwa, za tsiku lija la kuwomba ukhoza kunena kuti ndinapusitsidwa. Za Lachitatu ayi. Ndinkadziwa chimene ndikunena. Phukusi ndamasula. Muli nsalu yabwino ya imvi, ikukwana iwe.

Kanematsu

Tokyo, 16 Malichi 1969

Kiwa,

Ndinadikira mwezi wathunthu. Dzana kwafika kakhadi kako ka mizere itatu: "Uthenga talandira. Tikuthokoza a Hoshino chifukwa cha ulemu wawo. Musamale thanzi lanu." Zaka zoposa makumi anayi ndili nawe sunandiuzepo kuti musamale thanzi lanu. Ndinamupatsa Soma kuti awerenge mwina ndalakwitsa. Anawerenga, anandibwezera osaseka.

Hatsue, zimene unalemba mwa tizilembo tating'ono m'mphepete ndaona. Akuti mayi ako ayamba kudulira mitengo okha. Kiwa, makwerero aja mwendo umodzi ndi wofupika, pa chipale amatsetsereka. Ndikupempha, dulira za m'munsi zokha, za m'mwamba undisiyire. Ndikudziwa nthawi yapita ndipo anzathu anabwerera kale. Ndikanakhala nditafika, koma ukwati auika pa 30 mwezi uno ndipo bambo wa mkamwini ayenera kuimirira n'kuyankhula. Wati sungabwere chifukwa cha mwendo. Ndawauza choncho. A Hoshino akufuna akutumizire mankhwala opaka.

Soma akundiphunzitsa mawu a pa ukwati m'chiyankhulo cha kuno, wandilembera pa pepala la simenti. Ndimayeseza pa geti malole akadutsa. Akuti ndimamveka ngati chule wovala tayi.

Undilembere ngakhale zonditukwana.

Kanematsu

Tokyo, 1 Epulo 1969

Kiwa,

Kalata yako sinabwere. Ndikhulupirira uli moyo, chifukwa zikanakhala zina Hatsue akanatumiza lamya. Ine ndili bwino. Ntchito ndamaliza Loweruka. Kapitawo anandifunsa dzina kuti alembe pa chikalata, ndinamuuza kawiri.

Ukwati wachitika. Ndikuuza zonse chifukwa ndiwe mayi wake, ufune usafune.

Katsumi anavala mkanjo wakuda wa chizindikiro cha nyumba ya Hoshino pamsana. Unamukhala. Reiko anandigwadira asanalowe m'kachisi, anayesa kunena m'chiyankhulo chathu kuti mukawapatse moni amayi. Anaphonyetsa, koma anayesa. Phwando linali m'chipinda cha pamwamba cha nyumba yodyera, anthu makumi anayi. A mbali yathu tinali awiri, ine ndi Soma, iye atabwereka jekete la wophika wa kogona kwathu.

Chakumapeto a Ogura anati, "Tsopano timve kwa bambo a mkamwini." Ndinaimirira. Mawu ndinali nditawaloweza bwino: kuti tikuthokoza nonse mwabwera muli otanganidwa, kuti mwana wathu ndi wosakhwima, mumulangize ndi kumusunga. Ndinanena mzere woyamba. Anthu anagwedeza mitu. Ndiye ndinayang'ana pamene panali Katsumi, ndipo pepala lonse linachoka m'mutu. Ndinaima. Soma anandinong'oneza, "Wosakhwima! Wosakhwima!" Koma chimene chinatuluka chinali chiyankhulo chathu, chenicheni cha pamoto.

Ndinati, "Katsumi, amako akudulira okha mitengo. Ine manja atha. Ndinabwera kudzakutenga. Kuyambira Novembala ndakhala ndikubwera kudzakutenga. Tatsala awiri m'nyumba muja, iwe."

Sindinakuwe. Ndinangonena. M'chipinda monse anamva ndi anthu awiri. Soma anayang'ana m'mbale. Enawo anadikira akumwetulira, a Hoshino akupukuta maso, n'kunena kuti, "Katsu, tatiuza, akuti chiyani? Zamveka zokoma!" Katsumi anaimirira. Reiko anamugwira mkono wa mkanjo. Kenako Katsumi anati, "Bambo akuthokoza nonse." Ulendo uno sanawonjezere. Anthu anawomba m'manja kwambiri, ine ndinakhala pansi.

Unandituma kuti ndikanene. Ndanena, koma ndanena pamene sizikanathandizanso munthu, ndipo ndamusiyira mwana katundu pa tsiku lake. Usamuwerengere mlandu. Potsika masitepe anandigwira chigongono kuti ndisagwe, anandigwira mwamphamvu mpaka pansi.

Dzulo tinapita ku ofesi ya boma, ndinadinda chidindo changa ngati mboni. Akuti pepala lifika ku ofesi ya kwathu sabata ino. Mlembi adzatsegula tsamba la nyumba ya Osanai n'kudula dzina la Katsumi, monga anadulira la mkulu wake ndi la Hatsue. Mlembi uja ndi mlamu wa a pa mlatho, ndiye mudzi wonse udziwa ine ndisanafike. Anthu akakufunsa uziti tinapereka ndi mtima umodzi. Kwa akuluakulu a mtundu ndi kwa makolo usanene kanthu, ndidzanena ndekha, wopereka ndine.

Ndifika Lachisanu ndi sitima ya m'mawa. Ku siteshoni usabwere, msewu ndi matope. Sindikudziwa kuti tikudulirira yani tsopano, koma mitengo ikayamba kuphuka tisanamalize tidzakolola masamba. Unole lumo lalikulu ngati ungathe. Makwerero uwasiye pa mtengo umene walekezera, ndidzayambira pomwepo.

Kanematsu